Nati Imene Sinaone Sopo

1. Kabuku kabuluu

Gavril anamenya mng'ono wake Costel mbama kadzutsa asanapse, ndipo palibe amene anatembenuka kuti aone. Costel anali atagwetsera sipanala m'nyanja. Mbamayo inalira kuti phwa! mpaka chipewa chinagwa. Costel anatola chipewacho, nachikutumula, n'kuseka.

"Mwandithandiza, achimwene. Tulo tonse tathawa."

"Tsiku lina udzailondola komweko sipanalayo, galu iwe," anatero Gavril.

Umu ndi mmene awiriwa ankakonderana. Gavril anali kapitawo wa kumbuyo kwa sitima ya Vâltoarea, chimunthu cha ku Brăila cha mapewa ngati chitseko. Makolo awo atamwalira analera Costel yekha, ndipo anamulera ndi zibakera. Koma wina akangoyerekeza kumukhudza Costel, tsiku limenelo ankamudziwa bwino Gavril.

Ilinca Moraru anaona zonsezi ali chiweramire pa ntchito yake. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu wa ku Sulina, wophunzira pa sukulu ya ntchito za panyanja ku Constanța. Sukuluyo inamutumiza pa sitimayi milungu isanu ndi umodzi kuti akaphunzire ndi manja, ndipo tsopano kunatsala masiku atatu okha.

M'thumba la jekete yake munali kabuku ka chikuto chabuluu. Pa tsamba lomaliza panali mzere umodzi wosalembedwa, ndipo woyenera kusainapo anali Gavril. Popanda dzina la Gavril pamzerepo panalibe satifiketi, panalibenso ntchito ya panyanja. Chotsala kukanakhala kubwerera ku Sulina kukatumbula nsomba ndi mayi ake mpaka imvi. N'chifukwa chake Ilinca ankaopa Gavril kuposa mafunde.

Ntchito ya Vâltoarea inali kufufuza gasi pansi pa Nyanja Yakuda. Kumbuyo kwake inkakoka mizere iwiri ya mizinga ya mpweya, wina kumanja, wina kumanzere. Pa masekondi khumi alionse mizingayo inkaphulitsa mpweya m'madzi nthawi imodzi. Kugunda kwake munthu ankakumva m'mapazi, m'mano, ngakhale supu m'mbale ankanjenjemera. Phokosolo linkatsika mpaka ku miyala ya pansi pa nyanja n'kubwerera, ndipo a m'chipinda cha makompyuta ankamvetsera kuti adziwe chimene chabisala kumeneko.

M'mawa umenewu mizinga inali itakokeredwa m'sitima. Mapaipi asanu opereka mpweya ku mzere wa kumanja anali atatha, ndipo wowasintha anali Ilinca.

2. Matambula awiri

Pa kadzutsa, Nea Toader anamukodola kuti akhale nawo. Mkuluyu anali atakonza mizinga kwa zaka makumi atatu. Khutu lawo lamanzere linali lakufa, ndipo kudzanja lamanja kunatsala zala zitatu. Anakankhira pambali buledi ndi tchizi, naika matambula awiri patebulo. Ina inali ya madzi wamba, ina ya madzi a gasi.

"Tchera khutu, mwana wa ku Sulina."

Anagogoda yoyamba ndi supuni, ndipo inalira bwinobwino kuti ngwee. M'yachiwiri anawazamo kamchere, madzi n'kuyera ndi thovu. Atagogoda, inangoti pho, pho, ngati munthu akugogoda dzungu.

"Wamva? Galasi ndi lomweli, supuni ndi yomweyi. Chasintha n'chiyani? Tithovu. Tina mwa ito sungatione n'komwe. M'madzi abwinobwino phokoso limathamanga pafupifupi kilomita ndi theka pa sekondi imodzi. Koma mukangolowa kampweya pang'ono, madzi amafewa ngati matiresi, ndipo phokoso limayenda ngati munthu m'matope a kwanu aja.

"Tsono tamvera. Mizere yathu iwiri ija imayenera kutalikirana mamita khumi. Amayeza ndani? Palibe amene amatsikira m'madzimo ndi tepi. Pa mzere uliwonse pali kachitsulo kamene kamalira kuti tii, kanzake kutsidya n'kumva. Kompyuta imawerenga nthawi imene kulirako kwatenga panjira, basi n'kutchula mamita. Kompyuta ilibe maso, mwanawe. Kulira kukachedwa, iyo imangoti ulendo unali wautali. Thovu la mizinga yathu tinalizolowera, ndipo a makompyuta kumwambako amadziwa kuchotsera kwake. Koma thovu la nati yodontha salidziwa, chifukwa palibe amene wawauza.

"Ndiye nati iliyonse ukamanga, tsegulira mpweya, upake madzi a sopo ndi burashi, uyang'anitsitse. Sopo akafufuma, masula uyambirenso. Sopo akakhala chete, pamenepo ndiye uike kadontho ka penti yako. Penti imeneyo ndi lumbiro. Ikunena kuti maso anga aona. Zala zangazi sizinadyedwe ndi nsomba ayi. Ndinakhulupirira penti ya munthu amene ankathamangira nkhomaliro."

"Nea Toader, mwandiuza kale zimenezi katatu," anatero Ilinca.

"Khutu langa ndi limodzi, koma limamva kuposa ako awiriwo."

"Madala ayambanso tchalitchi cha sopo!" anakuwa Costel ali patebulo lina. "Chopereka ndiye tiike m'chitini chawo cha sopo chija?"

Anthu anaseka. Nthawi yomweyo Ferat anadutsa mothamanga. Iyeyu ndiye ankayang'anira kompyuta yoyeza mizere ija, wa mtundu wa Atatari wa ku Medgidia, wowonda, wamagalasi, amene ankaonetsa aliyense chithunzi cha ana ake amapasa ngakhale kwa amene anachiona kale. Mlungu woyamba, pamene Ilinca ankasanza ndi mafunde, Ferat ndiye ankamubweretsera tiyi. Anatola tambula ya mchere ija osafunsa, naigugudiza, n'kulavula yonse pa nsapato zake.

"Mukufuna kundipha, Nea Toader?"

"Safunsa anadya phula," anayankha mkuluyo, ndipo chipinda chonse chinafa nacho chiseko.

3. Nati yachisanu

Pofika naini koloko mphepo inali itayamba kuluma makutu. Wailesi inanena kuti masana kubwera namondwe, ndipo Gavril ankafuna kuti mizinga iombeko maola angapo namondweyo asanafike. Ankayendayenda ngati galu womangidwa, akutukwana aliyense amene wakumana naye. Nea Toader anali atatsikira pansi, ku makina opopa mpweya.

Ilinca anamanga nati yoyamba, napaka sopo, nayang'ana. Sopo anali chete. Anaika kadontho ka penti yachikasu, umene unali mtundu wake. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inafufumitsa sopo, ndiye anamasula n'kuyambiranso. Pofika pa yachinayi zala zinali zitauma ndi kuzizira.

"Kodi ukutsuka mbale kapena ukumanga mapaipi?" Gavril anali ataima pambali pake. "Ana a sukulu inu! Sitima yonse ikudikira iwe ndi kaburashi kakoko."

"Yatsala imodzi, abwana."

"Yatsala imodzi, abwana," anamutsanzira ndi timawu tating'ono.

Ilinca anamanga yachisanu, natsegulira mpweya. Pamene ankatambasula dzanja kuti aviike burashi, nsapato ya Gavril inafika poyamba. Chitini cha sopo chinauluka, n'kugubuduka mpaka kukagwera m'nyanja.

"Sopo watha. Paka penti tiponye zinthuzi m'madzi. Kapena ukufuna kabuku kako ndidzakusainire ndi sopo?"

Sopo wina analipo m'chipinda chosungira katundu, ulendo wa mphindi zitatu. Ilinca ankadziwa zimenezo. Anaweramira pa natiyo ngati akuilimbitsa, ndipo patsaya pake anamva kampweya kozizira, kochepa ngati kupuma kwa khanda. Anakamva ndithu, sizinali zongoganizira. Anayang'ana nsapato za Gavril, nakhudza thumba limene munali kabuku.

Kenaka anatenga penti yachikasu n'kuika kadontho.

Costel anamugunda paphewa podutsa. "Usadandaule, mlongo. Achimwene angawa kwa ena amangouwa, woluma amaluma ine ndekha." Anaseka, n'kupita kukamasula zingwe.

Mizinga inatsetserekera m'madzi umodziumodzi, ndipo posakhalitsa sitima inayambanso kugunda.

4. Mamita khumi ndi anayi

Ola limodzi linatha bwinobwino, mtima wa Ilinca n'kuyamba kukhala m'malo. Kenaka wailesi ya pachifuwa pa Gavril inalankhula. Anali Ferat.

"Gavril, mizere yako yatalikirana. Ndikuona mamita khumi ndi anayi. Ikokere pafupi."

Gavril anasuzumira kumbuyo. Mizinga inali patali ndipo mafunde ankaibisa, moti diso silikanayeza kanthu. Anagwira chogwirira cha makina okokera zingwe n'kukoka.

"Nanga pano?"

"Khumi ndi atatu. Onjezera."

"Ndakoka mamita atatu athunthu, iwe!"

"Ine ndikuwerenga zimene zili pagalasipa. Onjezera."

Zoona zake, mizereyo sinatalikirane n'komwe. Nati yachisanu inkalavulira tithovu pakati pa mizere iwiriyo, ndipo kabowo kake kankakulirakulira. Kulira kwa tizitsulo tija kunkachedwa m'thovumo, kompyuta n'kumatchula mamita amene kunalibe. Ferat ankanena zoona za kompyuta yake, Gavril ankamvera Ferat, ndipo onse awiri ankakokera mizinga ku ngozi.

Ilinca anaona mkwasa wa madzi oyera pakati pa mafunde akuda. Anadziwa chimene unali. Anatsegula pakamwa, koma Gavril anali akutukwana wailesi, ndipo Ilinca anangoyang'ana kumbali.

Nea Toader anatulukira pamakwerero akupukuta manja. Anangoyang'ana kamodzi kumbuyoko, nsanza n'kugwa m'manja.

"Leka, Gavril! Madziwo ayera ngati mkaka! Leka kukoka!"

Anachedwa. Mizere iwiri ija inawombana, ndipo masekondi khumi atakwana mizinga inaphulika ili chigundirane. Sitima yonse inadzidzimuka. Madzi anatumphuka m'mwamba pamodzi ndi zidutswa za labala, ndipo chingwe cha kumanja chinakungika mpaka kulira.

Anazimitsa mizinga, natulutsa mpweya m'mapaipi mpaka geji yoyeza mpweya inatsika pa ziro. Kenaka anayamba kukokera zonse m'sitima. Chimene chinakwera sichinalinso mizere iwiri koma chimtolo chimodzi cha matcheni, mapaipi ndi zitsulo zopiringizana, madzi ali chuchuchu.

Tsoka silinunkha. Paipi ina ya kumanzere inali itafinyidwa ndi tcheni, mpweya n'kutsekeka m'kati momwe geji sinkaona. Costel, pofuna kusangalatsa mkulu wake, analumphira pamtolopo ndi chitsulo chachitali n'kuyamba kutukula tchenicho.

"Usakhudze!" anakuwa Nea Toader, koma mphepo inawalanda mawu.

Tcheni chinasuntha. Paipi inaphulika pamfundo yake n'kudzuka ngati njoka yopondedwa mchira. Mutu wake wachitsulo unaphwanya nyali, unabowola chitseko cha kabati, unagwetsa mmalinyero wina chagada. Anthu anadzigwetsa pansi atagwira mitu. Ilinca anamva mphepo yake ikumudutsa pakhutu. Kenaka chitsulocho chinapeza Costel m'mphechepeche, pamwamba penipeni pa ntchafu.

Costel sanakuwe. Anangokhala pansi modabwa, akuyang'ana magazi akutumphuka ngati madzi a pampopi wothyoka. Nea Toader anafika akukwawa, nalowetsa chibakera chawo pabalapo n'kutsamirapo ndi thupi lonse.

"Itanani kaputeni! Bweretsani nsalu! Pamenepa lamba sangamange, bala lakwera kwambiri!"

5. Zibakera

Gavril anagwada pambali pa mng'ono wake, namugwira nkhope ndi manja awiri. "Costel! Tandiyang'ana, galu iwe!" Maso a Costel anali akutembenuzika. Gavril anaimirira pang'onopang'ono. Analunjika ku makwerero opita ku chipinda cha makompyuta.

Anabwera naye Ferat atamugwira kolala, akumukhwekhwereza pamakwerero achitsulo, mawondo akugunda sitepe iliyonse. Anamuponya pansi pamagazi a Costel.

"Werenga pamenepo! Ndi mamita angati amenewo?"

"Gavril, kompyuta inati..."

Chibakera choyamba chinaphwanya magalasi. Chachiwiri chinathyola mphuno. Ferat anayesa kudziteteza ndi mikono yake yowondayo, koma zinali ngati kutchinga mvula ndi lichero. Gavril anamukhalira pachifuwa n'kumamenya, kumanja, kumanzere, mutu wa Ferat ukugunda chitsulo cha pansi. Chithunzi cha amapasa chinatuluka m'thumba n'kumatirira pamadzi.

Amalinyero asanu anaimirira mozungulira, manja ali lende. Amuna amenewa sankaopa mafunde otalika ngati nyumba, koma pamaso pa Gavril onse anali anapiye. Zinali zochititsa manyazi kuona. Nea Toader ankakuwa kuti amugwire, koma iwo sakanachotsa dzanja pa bala la Costel.

Ilinca anabwerera m'mbuyo, ndipo chidendene chake chinagunda kanthu. Kanali kachidutswa ka paipi kamene kanaduka pa kuwombana kuja n'kukwera limodzi ndi matcheni. Kumapeto kwake kunali nati, ndipo pa natiyo panali kadontho kachikasu. Pambali pa kadonthoko panali kanjira kowala, pamene mpweya wothawa unadya chitsulo.

Pafupi ndi phazi lake panali bowo lotulukira madzi. Kukankha kamodzi kokha, kachidutswako kakanapita pansi pa Nyanja Yakuda, ndipo palibe akanadziwa mpaka kalekale. Aliyense anali akuyang'ana kwina. Ilinca anaika nsapato yake pa natiyo.

Gavril anali ataimirira. Anagwira Ferat mwendo n'kuyamba kumukokera kumapeto kwa sitima, kumene mizinga imatsetserekera m'madzi, kopanda chotchinga chilichonse.

"Pita ukayeze wekha ndi tepi!"

Ferat anakanda pansi ndi zikhadabo, koma panalibe pogwira.

Ilinca anawerama, natola kachidutswa kaja. Anayenda mpaka anakaima pakati pa Gavril ndi nyanja.

"Abwana, musiyeni. Si iyeyu. Ndine."

"Choka, ndingakupititse limodzi naye."

"Onani nati iyi. Penti iyi ndi yanga. Ndinapaka osayesa ndi sopo. Ndinamva ikudontha, koma ndinakhala chete. Thovu lake ndi limene linanamiza kompyuta. Ferat anawerenga zimene anaona, wabodza ndine."

Gavril anasiya mwendo wa Ferat. Anayang'ana natiyo, nayang'ana mtsikanayo. Kenaka kuseri kwa dzanja lake kunamupeza Ilinca pakamwa. Anagwa chammbali, m'kamwa mutadzaza magazi, dzino limodzi likugwedera. Asanadzuke, Gavril anamuimiritsa ndi jekete n'kumutsamiritsa pa mzati wachitsulo. Anakweza chibakera chamanja n'kuchiponya ndi mphamvu zake zonse.

Nthawi yomweyo funde linakankha sitima, Ilinca n'kutererekera pansi. Chibakeracho chinakathera pa mzati. Onse anamva mafupa akuti tswa.

Gavril anabangula atapanira dzanjalo m'khwapa. Pamenepo mpamene mawu a Nea Toader anamveka bwino.

"Gavril! Mwanayu wanena lake. Tsono nena lako. Ndakwera pano chitini changa cha sopo palibe. Chinapita kuti? Chinamera mapiko?"

Amalinyero anayang'ana pansi, chifukwa onse anaona nsapato imene inamenya chitinicho.

Gavril anatembenukira kwa Ilinca. Ndi dzanja lamanzere, lomwe nalonso linali litatupa ndi kung'ambika pa mano a Ferat, anasolola kabuku kabuluu m'thumba la Ilinca. Anakaponya kumbuyo kwa sitima. Kanayandama pang'ono masamba ali otambasuka, kenaka funde linakakwirira. Ilinca anakayang'ana mpaka kutha. Zinamuwawa kuposa mbama ija, koma sanalire.

6. Manja

Kaputeni anatsika ndi nkhani yoipa. Helikopita sikanatha kutera ndi mphepo imeneyo, ndipo sitima yaikulu sikanathamanga ikukoka zingwe zake zazitali zomvetsera phokoso lija. Njira inali imodzi, kumutsitsira Costel m'boti laling'ono limene linkaperekeza sitimayo. Kuchokera pamenepo kukafika ku Constanța unali ulendo wa maola asanu ndi awiri.

Amalinyero awiri ananyamula Ferat kupita naye m'kati. Podutsa, Ilinca anatola chithunzi cha amapasa, nachipukuta pa jekete n'kumuikira pachifuwa. Ferat anatsegula diso limodzi limene linkatsegukabe, n'kuchiyang'ana.

Nea Toader anali atayamba kutuwa. Dzanja la zala zitatu lija linali litagwira ntchito yoposa msinkhu wake, ndipo magazi anayamba kudutsa m'mbali.

"Dzanja langa lafa. Wina alandire msanga."

"Ndi mng'ono wanga," anatero Gavril, akukankha anthu. Anagwada n'kuika manja ake pabalapo. Atangoyesa kutsamira, mafupa othyoka aja anagwirana, ndipo anakuwa n'kuchotsa manja. Magazi anatumphukira kumaso kwake. Anayesanso ndi lamanzere, koma zala zotupazo zinakana kupindika. Nea Toader anabwezeretsapo chibakera chawo mwachangu.

Gavril anakhala pansi akuyang'ana manja ake. Chimunthu chonse chija chinayamba kulira ngati mwana.

"Aone bwino manja amenewo," anatero Nea Toader mopuma movutikira. "Zaka zonsezi wakhala ukutiuza kuti manja amenewa ndiwo analera Costel. Lero Costel akuwafuna kwa maola asanu ndi awiri okha, ndipo iwe wawamalizira pa nkhope ya munthu wosalakwa ndi pa chitsulo. Munthu amapatsidwa manja awiri basi, Gavril. Ukawawonongera pa mkwiyo m'mawa, masana ulibe ogwirira m'bale wako.

"Nawenso, mwana wa ku Sulina, bwera kuno. Usaganize kuti poti walankhula ndiye mlandu watha. Walankhula mochedwa. Ukanalankhula pa nati paja, tikanataya mphindi zitatu. Ukanalankhula pamene unaona madzi oyera, tikanataya tsiku limodzi. Wadikira mpaka magazi a anthu awiri atayike. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Komabe pa anthu onse aima panowa, amene miyendo yake inayenda ndi iwe wekha. Awa ndawaona mmene amaimira, sindingawasiyire moyo wa munthu. Gwada apa."

Ilinca anagwada m'magazimo.

"Kunga chibakera. Ika pamwamba pa changa. Ndikati tsopano, ine ndichotsa, iwe ulowetse mpaka umve fupa. Dzanja linalo likhale pamwamba, zigongono ziwongoke, utsamire ndi thupi lonse. Ukamva dzanzi usasiye. Ukafuna kusanza, sanza pomwepo, koma usasiye. Boti likagwa m'funde, iwe igwa nalo limodzi. Woti adzakuuze kuti chotsa ndi dokotala yekha. Wamva?"

"Ndamva, Nea Toader."

"Nthawi ino wamvadi?"

"Ndamvadi."

"Tsopano!"

Ilinca analowetsa chibakera. Munali motentha, ndipo pansi pa zala zake anamva mtsempha ukugunda mofooka. Magazi analeka. Costel anatsegula maso pang'ono, milomo ili mbuu.

"Mlongo," ananong'ona, "sopo uja wapezeka?"

Ilinca anafuna kuyankha, koma misozi imene inakana kutuluka pa kabuku paja inatulukira pamenepa. Inagwera pa malaya a Costel, ndipo analibe dzanja loipukutira.

Anawatsitsa onse awiri pa machira amodzi, Ilinca atagwada pamwamba pa wovulalayo, chingwe chitamuzungulira m'chiuno. Machirawo analendewera pakati pa sitima ndi boti, mphepo ikuwakankhira uku ndi uku. Atangotera, munthu wina analumphira m'botimo kuchokera pamakwerero a chingwe n'kugwa ndi mawondo, poti analibe manja ogwirira. Anali Gavril.

Boti linatembenukira kumadzulo. Funde loyamba linalinyamula n'kuligwetsa, ndipo Ilinca anagwa nalo limodzi, chibakera chili pomwepo. Gavril anakwawa n'kukhala moyang'anizana naye, manja otupa aja atawaika pamawondo. Maso ake anali psuu.

"Ukasiya," anatero, "ku Constanța sukafika."

Ilinca sanadzutse mutu. "Mukafuna kundimenya, abwana, mudikire tifike. Pano manja anga ali pa ntchito."

Gavril anayang'ana nkhope ya mng'ono wake nthawi yaitali. Kenaka anasendera pafupi, natsamiritsa phewa lake lalikulu lija pa msana wa Ilinca kuti funde lotsatira lisamugwetse.

Woyendetsa boti anasuzumira pa wotchi n'kupukusa mutu. Pa maola asanu ndi awiri aja panali patangotha mphindi makumi awiri, ndipo zigongono za Ilinca zinali zitayamba kale kunjenjemera.